Chithunzi cha a Felesiya pa Chiliza

Tadala mwana wanga, anthu amalemba mbiri yawo atamera imvi. Ine ndikulemba ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, chifukwa bondo langa lakalamba mwiniwake ndisanakalambe, ndipo phiri silidzandionanso nditasenza katundu. Za ubwana wanga usafunse, mulibe kanthu. Sukulu ndinalekera Fomu 2. Ndikufuna udziwe zinthu ziwiri basi: ntchito imene bambo ako ndinagwira, ndi chifukwa chimene ukukulira m'nyumba ya lendi ku Chonde pamene tinali ndi yathuyathu ya malata.

Chaka choyamba, mwezi wa Meyi

Ndinafika ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, nditavala nsapato za pulasitiki, ina yosokedwa ndi waya. Wamkulu wa ife onyamula katundu anali bambo wina amene tonse tinkamutcha a Sabola chifukwa cha pakamwa pake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Miyendo imeneyi ndi yako, kapena wabwereka kwa kakowa?"

"Ndi yanga. Ndipatseni katundu muione."

Anandisenzetsa chikwama cha mlendo chimene anzanga onse anachikana, ndipo ndinakachitula pamwamba osapuma pamaso pa munthu. Ndinakasanzira kuseri kwa mwala. Kuyambira tsiku limenelo ndinali pa mndandanda. Ntchito yake inali yodikira: mlendo akabwera amapita amene nthawi yake yakwana, enanu muzikazinga chimanga. Majasi a mvula tinalibe. Chiperoni chikatipeza pamwamba tinkaboola thumba la feteleza n'kulowetsamo mutu. Alendo ankajambula chilichonse, maluwa, abuluzi, mitambo, ngakhale chakudya chawo. Ndikudziwa kuti ndili m'zithunzi zambiri kunja kwa dziko lino, koma monsemo ndimaoneka kumsana kokha, chikwama chokhala ndi miyendo. N'chifukwa chake kamera ndinkadana nayo.

Chaka chachisanu ndi chitatu, mwezi wa Julaye

Amene anandisintha maganizo anali mayi Regina, Mmalawi mnzathu wa ku Zomba, wamfupi, woyenda ngati wachedwa kumaliro. Ankafufuza za kutha kwa mitengo ya mkungudza. Anzanga anamukana chifukwa sankafuna kukwera nsonga iliyonse, ankangozungulirazungulira. A Sabola anandiloza nati, "Mpatseni Lameki, onsewo ndi osachedwa kupsa mtima, akatopetsane okha."

Titafika pamwamba, mayiyo anatulutsa envulopu ya zithunzi zakalekale zopanda mitundu, n'kundipatsa chimodzi.

"Ichi anajambulira pati?"

"Pa phiri la Chambe. Ndi mwana yemwe angakuuzeni."

"Chambe ndi wamkulu, achimwene. Ine ndikufuna pamene linaponda phazi la wojambulayo."

"Kafunseni mwiniwake."

"Anamwalira agogo anu asanabadwe. Koma anatisiyira mboni. Imikani chala chanu kutsogolo, muloze nsonga iyo. Tsinzinani diso limodzi. Tsopano linalo."

Chala chinalumpha. Ndinati nanga zimenezi n'zodabwitsa? Anati chinthu chapafupi chimasuntha kwambiri kuposa chakutali, ndiye ngati pa chithunzi mwala wapafupi wagundana ndi mpata wa phiri lakutali, pali mzere umodzi wokha padziko pamene munthu angaone zimenezo. Ukapeza zinthu zina ziwiri zogundana, wapeza mzere wachiwiri. Pamene mizere iwiriyo yadutsana, wojambula anaima pomwepo.

Tinayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Pitani kumanzere pang'ono. Bwererani. Kwerani. Ndinatsala pang'ono kumuponyera chikwama chake. Kenaka anangoti, "Imani," n'kundipatsa chithunzi chija kuti ndichigwire kutsogolo kwa nkhope yanga. Mwala wong'aluka unali pamalo pake. Mpata wa phiri unali pamalo pake. Kamwala kakang'ono kokhala ngati mutu wa mbuzi kanali pomwepo, sikanasunthe ngakhale pang'ono pa zaka zonsezo. Chimene chinasowa ndi nkhalango yokha: pa pepala panali mitengo yothithikana, pamaso panga panali zitsa ndi udzu. Nditayang'ana pansi, ndinaona kuti ndaponda pa mwala wafulati, woti munthu aliyense wofuna kuima bwino akanasankha womwewo. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinali nditalowa m'mapazi a munthu wakufa, ndipo amene anandilondolera ndi phiri lomwe ndinkaliyesa katundu wolemera chabe.

Titatsika anandionetsa zina pa laputopu yake. Phiri lonse la Mulanje linali mmenemo, lojambulidwa ndi makina oyenda m'mlengalenga. Ankalitembenuza ndi chala, kutsika mpaka pansi, n'kuliona monga mmene munthu woima pamenepo angalionere. Panali kamzere kena koti ukakakoka, zaka zimabwerera m'mbuyo: denga la malata limasanduka la udzu, munda umasanduka tchire. Panalinso tsamba lina loti ukaika malo ndi tsiku, limakuuza kumene mthunzi ugwere ndi kutalika kwake.

"Zimenezi amalola anthu ophunzira okha?" ndinafunsa.

"Aliyense amene ali ndi foni ndi bandulo."

"Nanga ine bwanji sindimazidziwa?"

"Munafunsapo ndani?"

Yankho limenelo linandiwawa sabata yathunthu, chifukwa linali loona. Anandiphunzitsa kuti mthunzi ndi kalendala. Nthawi yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, ndiye masana mthunzi umagwera kumwera ndipo umatalika. Kumayambiriro kwa Novembala anazika kamtengo pabwalo n'kundiuza kuti ndidikire masana enieni. Mthunzi unafupika, unafupika, mpaka unalowa pansi pa kamtengoko. Ndinali nditayenda pansi pa dzuwa limeneli zaka makumi awiri ndi zisanu osadziwa kuti limachita zimenezi kawiri pachaka. Tinagwira ntchito limodzi zilimwe zitatu. Pochoka anandisiyira foni yake yakale n'kunena kuti, "Mkwiyo wanuwo muziuthira pa zithunzi, umapeza zinthu." Patapita nthawi akuluakulu a ntchito yathu anandikweza kukhala wolondolera alendo, chifukwa mlendo akandionetsa chithunzi cha bambo ake ali paphiri, ndinkakamuimika pamalo pomwepo.

Chaka cha khumi ndi chinayi, mwezi wa Malichi

Za napolo udzamva kwa ena, ine sindikonda kuzikamba. Mvula inagwa masiku angapo osakata, ndipo phiri linasanza. Ife tinapulumuka chifukwa tinathawira kutchalitchi kumtunda, iwe uli kumsana kwa mayi ako. Titabwerera, mudzi wathu kunalibe. Sindikunena nyumba zokha. Mitengo, njira, zulu, manda, chilichonse chimene munthu amalozera ponena kuti kwathu ndi apo, chinakwiririka ndi mchenga woyera ndi miyala ikuluikulu ngati nkhokwe.

Kwathu chilichonse timachitchula poyambira kumtsinje. Munda wa uje uli kumtunda kwa powolokera, dimba la uje lili kumunsi kwa pochapira. Ndiye akuluakulu atakhala pansi kuti agawenso malo, anayambira kumtsinje monga mwa masiku onse. Anawerenga mapazi kuchokera pamadzi, nati manda anali apa, n'kuzikapo mtanda wa matabwa. Malo otsalawo anagawira ife. Ine ndinaumba njerwa ndekha, kuwotcha ndekha, bondo likutupa kale. Pofika Okutobala ndinakhoma malata. Iwe unaphunzira kuyenda pakhonde la nyumba imeneyo, utagwira mzati. Chinali chinthu choyamba pamoyo wanga chimene palibe munthu akanandiuza kuti tula apa, si chako.

Chaka cha khumi ndi chisanu, mwezi wa Juni

A Felesiya anandipeza ndikusoka lamba wa chikwama. Anali mayi wa m'mudzi mwathu momwemo, mnzawo wa malemu mayi anga, amene anathyola tiyi ku esiteti mpaka zala zinada. Sanakhale pansi.

"Iwe mwana wa a Dolesi, akuti umafunsa zithunzi n'kumakuyankha."

"Amakokomeza, mayi."

"Pamene anthu akusesa paja mayi anga palibe."

"Mwadziwa bwanji? Mwakumba?"

"Usandiyankhe ngati ndine mlendo wako. Ndasesa pamanda a mayi anga zaka zambiri. Ndikaweramuka, Chambe ndinkamuona mwa mtundu wina. Pamtanda paja akundiyang'ana cham'mbali."

Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa chithunzi chokulungidwa m'pepala la shuga. Chinapulumuka chifukwa chinali kwa mwana wawo ku Thuchila. Wojambula woyenda pa njinga ndiye anachijambula tsiku limene anamaliza kumanga chiliza. A Felesiya aima pambali pa chiliza choyera, atavala juzi. Kumbuyo kwawo kuli uvuni wa njerwa wosaphwasula, kenaka phiri lotsetsereka lokhala ndi munda wa bulugama, ndipo pamwamba pa zonse khoma la Chambe. Kuseri kwa chithunzicho sikunalembedwe kanthu.

"Chinali chaka chanji?"

"Chaka chimene nandolo anabereka kwambiri."

"Mayi, foni siidziwa nandolo."

"Ndiye ndi yopusa. Iweyo ndiwe wochenjera, gwira ntchito."

Ndinayamba ndi phiri. Pa chithunzi, nsonga ya kaphiri kapafupi inagundana ndi mng'alu wakuda wa pakhoma la Chambe. Ndinatsegula mapu aja, kutsika pansi, n'kumasuntha mpaka ziwirizo zitagundana. Mzere woyamba. Kumanja, chitunda china chinabisa theka la mpata wa pakati pa mapiri. Mzere wachiwiri. Inadutsana kutali ndithu ndi mtanda uja. Nditakoka zaka m'mbuyo ndinaona chimene chinatipusitsa tonse: mtsinje unasamuka. Napolo anautsekera njira yake yakale n'kuukumbira ina. Akuluakulu anawerenga mapazi molondola, koma anayambira pa mtsinje wina. Mudzi wathunthu, ndi ine ndemwe amene ndinali ndi foni m'thumba, palibe anaganiza zokayikira madzi.

Koma mizere ya phiri lakutali siloza ngati chala, imakupatsa dera lalikulu ngati bwalo la mpira, ndipo m'deralo munali nyumba zatsopano zinayi. Manda athu analibe msitu woti uoneke kuchokera kumwamba, mitengo yake inatha ndi makala kalekale. Chimene chikanandithandiza ndi uvuni uja, chifukwa ndi waukulu ndipo ndi wofiira. Koma uvuni umakhala miyezi yochepa, eni ake n'kuphwasula. Ndinayenera kudziwa chaka ndi mwezi.

Mwezi unandiuza ndi mthunzi. Wojambula anayang'ana kum'mawa, poti Chambe ali kum'mawa kwa mudzi wathu. Mthunzi wa a Felesiya unagwera kudzanja lamanja la chithunzi, kumene ndi kumwera, ndipo unatsala pang'ono kufanana ndi msinkhu wawo. Nditayesa pa tsamba la dzuwa lija, zinangogwirizana ndi masana a pakati pa nyengo yozizira, Juni kapena Julaye. Juzi ija inavomereza. Chaka chinandivuta masiku anayi. Munda wa bulugama wa pa chithunzi unali wodulidwa theka, mbali ina mitengo, mbali ina zitsa. Ndinayamba kufufuza zithunzi zimene alendo amaika pa intaneti, zomwe zija ndinkadana nazo, chifukwa zambiri zimakhala ndi tsiku. Ndinaona mazana. Chaka china munda uli wathunthu. Chaka chotsatira chake uli mbee. Pakati pake ndinapeza chithunzi cha mtsikana wina wachilendo akumwetulira m'njira yokwerera phiri, kumbuyo kwake munda uja uli wodulidwa theka. Pakona pa chithunzicho panali msana wa munthu wosenza chikwama chofiira, nsapato ina yosokedwa ndi waya. Ndinaika foni pansi kaye.

Tsopano ndinali ndi chaka. Ndinakoka kamzere ka zaka mpaka miyezi yozizira ya chaka chimenecho, ndikuopa kuti ndipeza mtambo. Kunalibe mtambo. Panali kabokosi kofiira, uvuni uja, ndipo chakumadzulo kwake kadontho koyera, kochepa ngati njere ya mpunga. Tsiku lina masana, a Felesiya ali kumunda kapena ku tiyi, chinthu china chinadutsa kumwamba kwenikweni kumene ndege sizifika, chinaona chiliza cha mayi awo, n'kusunga. Palibe anachituma.

Ndinalemba manambala a malowo n'kutuluka kuti foni inditsogolere. Ndinayambira kumtsinje. Ndinadutsa pamtanda, kudutsa nyumba yoyamba, yachiwiri. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene ndili kankayandikira koyera kaja. Nditakweza maso ndinaona mayi ako akuanika zovala zako pa chingwe. Timadontho tiwiri tija tinakumana ndili kuseri kwa chipinda chathu chogona. Ndinaweramuka, n'kuika chithunzi kutsogolo kwa nkhope yanga monga anandiphunzitsira mayi Regina. Nsonga ya kaphiri inalowa mu mng'alu wa Chambe ngati kiyi pa loko.

Masiku atatu sindinauze munthu. Ndikuuza zoona, Tadala, ndinafuna kunama. Zinali zosavuta. Palibe wina m'mudzi monse akanatha kubwereza zimene ndinachita. Ndikanangoti chithunzi sichikuoneka bwino, foni yalephera. Ndinabwereza ntchito yonse kawiri kufunafuna pamene ndalakwitsa, ndipo sindinalakwitse. Tsiku lachitatu mayi ako anandipeza ndikuyang'ana pansi kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Tadala, mwataya chiyani pamenepo? Kuyambira Lolemba mukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira."

Ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anakunyamula iwe pamene unkasewera n'kukubereka kumsana, ngakhale unali wamkulu kale.

"Ndiye mwana wanga wakhala akugona pamwamba pa anthu."

"Ali pansi kwambiri. Palibe akudziwa."

"Inu mukudziwa. Ine ndadziwa. Muziti mukamadya pakhonde apa, a Felesiya akudutsa ndi tsache kupita kukasesa mchenga, chakudya chizitsika?"

"Njerwa zimenezi ndinaumba ndi bondo limodzi."

"Ndinalipo. Madzi ake ndinkatunga ndine."

M'mawa mwake a Felesiya anabwera okha, tsache lili m'manja.

"Chakuyankha chithunzi?"

"Chayankha."

"Nanga ukuoneka ngati wameza mwala bwanji? Tiye undiperekeze."

"Palibe koperekezana, mayi. Bwerani kuseri kuno. Imani apa. Tsopano weramani ngati mukusesa, ndiye muweramuke."

Anawerama, n'kuweramuka, maso ali kuphiri. Sanafunse za foni kapena za mthunzi. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana khoma la nyumba yanga, malata, chingwe cha zovala.

"Mwana wa a Dolesi," anatero motsitsa mawu, "ukanatha kundinamiza."

"Ndinayesa. Masiku atatu."

"Ndipo?"

"Phiri likanandiyang'ana cham'mbali."

Akuluakulu sanakhulupirire msanga, ndipo wina anati anyamata a mafoni akufuna kuphunzitsa eni mudzi kumene anaika makolo awo. Ndinamuyankha mawu amene sindilemba muno. Pamapeto pake adzukulu okumba manda anabwera ndi makasu ndi zitsulo zotembenuzira miyala. Anakumba tsiku loyamba osapeza kanthu, ndipo ndikuvomera kuti mtima wanga unayamba kusekerera. Tsiku lachiwiri, dzenje litapitirira msinkhu wa munthu, mapazi asanu kuchokera pamene foni inaloza, khasu linalira pa simenti. Anapalasa ndi manja. Laimu anali akadali woyera. Ngodya ina ya chiliza inalowa pansi pa maziko a chipinda chathu, ndipo aliyense ankadziwa kuti pamene pali manda amodzi, ena onse ali pompo, a agogo anga omwe.

Malata ndinazula ndekha, sindinalole munthu kundithandiza. Malo ena oti andipatse anali m'mphepete mwa mtsinje watsopano uja, ndipo ndinakana, ndinali nditaudziwa khalidwe lake. N'chifukwa chake tinabwera ku Chonde.

Chaka cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi, mwezi wa Ogasiti

Bondo linathera potsika ndi alendo, ndipo anzanga anandinyamula pa machira ngati katundu. A Sabola, atakalamba kale, anabwera kudzandiona kuchipatala, nati, "Kakowa wabwera kudzatenga miyendo yake." Ntchito yanga ya paphiri inathera pomwepo. Panalibe mwambo wotsanzikana, panalibe kalata. Dzina langa anangolidumpha pa mndandanda.

Sindikuuza kuti ndinasangalala ndi zimene ndinachita. Mwininyumba akamagogoda ndimaikumbukira nyumba ija, ndipo ndimatukwana. Anthu amabwerabe ndi zithunzi zawo, ena kuchokera kutali, ndipo ndikaona phiri likulowa m'malo mwake thupi limachitabe tsembwe ngati tsiku loyamba lija.

Mwezi wathawu ndinatsegula mapu aja n'kupeza kuti aikamo chithunzi chatsopano cha mudzi wathu. Pamene panali nyumba yathu pali bwalo losesedwa bwino, ndipo timadontho toyera tafika pa khumi ndi kamodzi. Njerwa zimene anazungulizira mandawo ndi zanga. Ukadzapita, kafunse a Felesiya akuonetse mbali ya kumwera. Pali mzati umodzi umene ndinausiya dala osazula. Ndi womwe unkagwira pophunzira kuyenda.